Benchi la m'paki: thabwa kapena pulasitiki wosungunula?

 Sabata ino mpata wagwera ine. Ntchito yanga ndi yogulitsa nyemba, mpunga ndi mtedza mumsika, ndiye musayembekezere mawu a ku yunivesite. Ndabwera ndi funso limene limveka laling'ono mukangolimva, koma ine landitayitsa tulo kangapo, ndipo ndikufuna tilisenze limodzi.

Tiyerekeze kuti khonsolo ya kwanu yapeza ndalama zoikira mabenchi m'paki. Pabwera amisiri awiri. Woyamba akuti apanga a matabwa, opala bwino, opaka vanishi, monga tinazolowera. Wachiwiri akuti apanga a pulasitiki wakutha: zigubu zosweka, mabeseni ong'ambika, zotsekera mabotolo, zonse zotola m'ngalande ndi kumtaya, kuzigaya, kuzisungunula n'kuumba matabwa. Cholembera apatsa inu kuti musayinire mmodzi. Musayinira uti? Ndipo mukasayina, kodi mwangosankha pokhalira, kapena mwaweruzanso mlandu wa anthu ena amene sanaitanidwe n'komwe kumsonkhanowo?

Musanayankhe, taganizirani kaye amene amakhala pa benchilo. Wa galimoto sakhalapo, ali ndi mpando wake woyenda nawo. Amene amakhalapo ndi mnyamata amene wazungulira maofesi ndi envelopu ya khaki kuyambira m'mawa osalawa kanthu. Ndi agogo amene abwera kudzazonda matenda kuchipatala koma nthawi yoonera odwala sinakwane. Ndi mayi wa nthochi amene dengu lamuthyola khosi, ndi ana awiri a sukulu amene akufunsana mafunso a mayeso, ndi achikondi amene alibe ya lesitilanti. M'tauni kukhala pansi ndi ndalama, abale. Ukalowa modyera uyenera kugula kaya ndi Fanta. Ukakhala pakhonde la sitolo mlonda akufunsa kuti ukudikira ndani. Benchi la m'paki ndi amodzi mwa malo ochepa kwambiri pomwe munthu angapumule popanda kupisa m'thumba kapena kupepesa munthu. Ife a mumsika mawu oti benchi timawalemekeza mwapadera, chifukwa kwa ife benchi ndi pogulitsira. Mukamva munthu akulira kuti benchi lake lapsa, ndiye kuti mpamba wonse wapita. Mwina n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mwachibwana.

Ndiyambe ndi mbali imene mtima wa ambiri uli, ndipo wanganso umakokera komweko. Thabwa ndi labwino. Mlombwa wopala bwino uli ndi mizere yake imene palibe makina angaijambule. Ukakhalapo masana suwotcha ngati chitsulo, m'mawa wa June suzizira ngati simenti. Likakalamba limakalamba mwaulemu, ngati nkhope ya agogo. Likathyoka, kalipentala aliyense wa m'mbali mwa msewu amalikonza ndi hamala ndi misomali inayi. Likatheratu limaola n'kubwerera kudothi kumene linachokera. Ndipo pali china chimene anthu sachinena mokweza koma chili mumtima: mlendo sumukhazika pa zinyalala. Kwathu kuno mlendo akafika timathamangira mpando wabwino koposa m'nyumba, ife eni n'kukhala pa chipika. Ndiye wina akamva kuti benchi ili dzulo linali chigubu cha m'ngalande ya ku Mbayani, amamva ngati amunyoza. Amati, nanga ife osauka zonse zizikhala zakutha? Zovala za kaunjika, galimoto zakutha za ku Japan, tsopano ndi pokhala pomwe pakhale pa zotola? Funso limeneli si lopusa ndipo sindikufuna kuliseka. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulandira zotsala ali ndi ufulu wokayikira akauzidwa kuti zotsala izi ndi zamakono.

Koma tiyeni tifunsane bwinobwino za mawu akuti "zachikhalidwe", chifukwa ndi amene amatseka pakamwa anthu pa mkangano uwu. Benchi la m'paki la matabwa ndi miyendo yachitsulo ndi la makolo athu kuyambira liti? Dzina lomwelo ndi lobwereka. Mapaki a maluwa ndi tinjira toseseledwa anabwera ndi atsamunda. Munda wa mitengo ndi maluwa wa ku Zomba uja unayamba mu 1891, m'manja mwa Mzungu wotchedwa Alexander Whyte. Makolo athu anali ndi bwalo, pansi pa kachere kapena mkuyu, ndipo ankakhala pa mphasa ya bango, pa mkeka wa mlaza, pa chikopa, pa mwala, pa chipika cha mtengo umene unagwa wokha. Ankatenga chimene chinali pafupi, chochuluka, chosavuta kuchipeza, n'kuchisandutsa pokhala. Nthawi imeneyo chochuluka chinali mitengo ndi bango. Lero tayang'anani pakhomo panu ndi mumtsinje wa kwanu mundiuze chimene chachuluka.

Ndiponso kupanga chatsopano kuchokera ku chakutha si nzeru imene tikuiphunzira lero kwa azungu a mabungwe. Tinakula nayo. Nkhwaila za matayala zimene agogo ankayenda nazo mpaka kumunda. Koloboyi wa chitini. Mbaula ya chitsulo cha galimoto yakufa. Mpira wa chikulunga umene anyamata amamanga ndi majumbo ndi luzi. Galimoto za mawaya. Botolo la Frozy limene limamwedwa kamodzi kenako n'kugwira ntchito zaka, lero la thobwa, mawa la mafuta ophikira oyeza, mkuja la palafini. Thumba la feteleza limene limasanduka chikwama, chinsalu cha pakhomo, ngakhale denga la benchi langa mvula ikayamba. Palibe amene anati mbaula ndi yonyozeka chifukwa kale inali chitseko cha minibasi. Timati mmisiri ameneyu ndi waluso. Ngati pali mwambo umene ndi wathuwathu pa nkhani iyi, ndi umenewu wosataya chinthu chisanathe ntchito. Ndiye amene akuti thabwa ndi chikhalidwe ndipo pulasitiki wakutha ndi chilendo, ine ndikuona kuti akuwerenga mbiri theka.

Tsopano tibwere ku mtengo wa thabwa, ndipo mawu oti mtengo ndikuwanena m'matanthauzo onse awiri. Thabwa limene limapirira mvula, dzuwa ndi chiswe panja kwa zaka zambiri ndi la mitengo yachilengedwe yolimba, monga mlombwa ndi mbawa. Mitengo imeneyi imatenga zaka makumi angapo kuti ifike pochekedwa. Amene akuidula lero sanaibzale, ndipo amene angaibzale lero mwina sadzaiona itakhwima. Nkhani ya mkungudza wa ku Mulanje mukuidziwa. Ndi mtengo wa fuko lathu, unalengezedwa choncho mu 1984, ndipo padziko lonse umamera wokha m'phiri la Mulanje basi. Chimene chinaupha ndi ubwino wake womwe: thabwa lake limanunkhira ndipo chiswe sichilidya. Aliyense ankalifuna. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala m'phiri lonse lija. Tinaukonda mpaka kuumaliza. Panopa anthu akuvutika kubzala mbande kuti mwina zidzukulu zidzaone chimene ife tinagulitsa ngati timabokosi ndi matabwa a denga.

A ku Blantyre safunika kuwauza zambiri. Funsani akuluakulu za mmene phiri la Ndirande linkaonekera kale, kenako mukweze maso mulione lero. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atabwera, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 1,000. Sindikunena kuti mabenchi ndiwo anametsa mapiri. Makala, nkhuni, minda ndi nyumba za m'mphepete mwa phiri ndizo zadya mitengo yambiri, ndipo mvula ija inali yoopsa payokha. Koma boma kapena khonsolo ikagula mlombwa kuti ikongoletse paki, imakhala ikuuza ocheka matabwa kuti msika ulipo, pitirizani. Ndipo imataya pakamwa podzudzulira mayi wa thumba limodzi la makala pa rodibuloko.

Wina ati, nanga paini ndi bulugamu? Imeneyo ndi yobzala, ku Chikangawa, ku Zomba, ku Dedza, ngakhale kuseri kwa nyumba zathu. Zoona, ndipo ili ndiye yankho lolimba la mbali ya matabwa. Bulugamu amakula msanga ndipo ukamudula amaphukiranso pachitsa. Mtengo wobzala kuti udzadulidwe uli ngati chimanga, kuukolola si tchimo malinga ukubzalanso. Vuto lake ndi loti paini wosathira mankhwala ukamusiya panja, miyendo ili m'dothi, chiswe chimachita phwando ndipo mvula ziwiri zitatu zimamumaliza. Kuti akhalitse pamafunika mankhwala, penti chaka ndi chaka, kumanga mabawuti akamasuka. Kunena mwachidule, benchi la paini limafuna mwini wake. Langa la mumsika ndimalipaka oyilo wakutha m'miyendo, ndimalikhoma likayamba kugwedera, chifukwa ndi langa. La m'paki mwini wake ndani? Tonse tikudziwa mmene zinthu za tonse zimathera kuno: tsiku lotsegulira pamakhala riboni ndi zithunzi, patatha zaka ziwiri pamatsala miyendo iwiri yadzimbiri ndi udzu.

Tiyeni tione mbali inayo, ndipo ndifotokoze pang'ono mmene benchi la pulasitiki limapangidwira, chifukwa ena akuganiza kuti tikunena timipando toyera ta pa ukwati tija timene timathyoka mwendo munthu wonenepa akaseka. Ayi. Tembenuzani chigubu kapena beseni muone kunsi kwake. Nthawi zambiri pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kali ndi nambala pakati. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi HDPE, ya zigubu za mafuta ophikira ndi zotsekera zambiri. Nambala 4 ndi LDPE, ya mapepala ofewa. Nambala 5 ndi PP, imene imapezeka m'ndowa ndi mabeseni ambiri. Matabwa a pulasitiki amapangidwa makamaka ndi HDPE. Amasankha, kutsuka, kugaya kukhala tizidutswa, kutenthetsa m'makina mpaka kufewa ngati phala lolimba, n'kukankhira m'chikombole chachitali. Chikazizira chimatuluka chinthu chokhuthala, cholemera, chimene umacheka ndi sowo ndi kuboola ngati thabwa. Chiswe sichidya, mvula siiwoletsa, penti sichifuna chifukwa mtundu uli m'kati momwe, ndipo sichibaya munthu ndi tizisonga. Anzathu a ku Kenya anayamba kale ntchito zotere. Lorna Rutto anayambitsa kampani ya EcoPost yopanga mapolo a mpanda kuchokera ku pulasitiki wotayidwa, ndipo Nzambi Matee wa ku Nairobi amasakaniza pulasitiki ndi mchenga n'kuumba njerwa zoyala pansi, ntchito imene bungwe la United Nations linamulemekeza nayo mu 2020. Onsewa ndi azimayi a kuno ku Africa, osati a ku London.

Koma walira mvula walira matope. Thabwa la pulasitiki silili lolimba msana ngati la mtengo. Likakhala lalitali popanda mwendo pakati limapinda, makamaka kukatentha, ndiye limafuna miyendo yoyandikana kapena chitsulo kunsi. Likakhala lakuda n'kuikidwa padzuwa la October, lingakuwotcheni ndithu. Wosesa akasonkha moto wa masamba pafupi, limasungunuka. Likapangidwa mwachinyengo, osaikamo mankhwala oteteza ku dzuwa, limayamba kufumbutuka n'kumataya tizidutswa tosaoneka m'dothi, ndipo timeneto sitiola. Likasweka, kalipentala wa pamsewu sangalilumikize ndi guluu. Komanso kusungunula pulasitiki mwachisawawa, mu mgolo pamoto wa nkhuni kuseri kwa nyumba, kumatulutsa utsi woipa umene umalowa m'chifuwa mwa wosungunulayo ndi ana a anansi ake, makamaka mukasakanikira pulasitiki wa nambala 3, wa mapaipi. Benchi lokongola limene lasiya mnyamata akutsokomola magazi silinapulumutse aliyense.

Ndipo pali msampha wina waukulu kuposa yonseyi, umene ndikufuna a m'gulu lino tiuone bwino. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Benchi la pulasitiki wakutha likhoza kusanduka sopo wosambira m'manja. Kampani imene yadzaza mitsinje yathu ndi majumbo ikhoza kupereka mabenchi asanu, n'kulembapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, tonse n'kuwomba m'manja, uku makina ake akupitiriza kulavula matani. Kumbukirani mmene nkhondo ya majumbo yayendera kuno. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana mamaikuloni 60, mu 2015. Opanga anathamangira kukhoti. Mu July 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chipitirire kugwira ntchito, ndipo ngakhale pambuyo pake ziletso za kukhoti zinkabwerabe. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi nkhaniyi, chinawadzutsa ndi mbuzi za alimi zimene zinkafa zitadya majumbo. Funsani aliyense wopha mbuzi mumsika zimene amapeza m'chifu. Majumbo opyapyala amenewa, akuda ndi abuluu, odzaza matope ndi supu, ndi ovuta kutola, ovuta kutsuka, ndipo ndi opepuka moti wotola angadzaze thumba lonse sikelo osasuntha. Ambiri sadzafika n'komwe ku makina a benchi. Akatswiri anawerengera mu 2017 kuti mwa zinyalala zonse za pulasitiki zimene dziko lapansi linali litataya, pafupifupi 9 pa 100 zokha ndi zimene zinakonzedwanso. Ndiye wina asatinamize kuti tikhoza kumataya mmene tingathere chifukwa zonse zidzasanduka mabenchi. Mtsinje wa Mudi ndi wa Lilongwe sungayere ndi mabenchi. Apa ife ogulitsa tili pakati penipeni, chifukwa jumbo imadutsa m'manja mwathu, ndipo kasitomala wa nyemba za kapu imodzi amakwiya ukamufunsa ngati wabwera ndi chotengera. Chikwama cha nsalu kapena dengu pobwera kumsika zimathandiza kuposa benchi lililonse.

Tsopano tifike pa anthu awiri amene ndinati sanaitanidwe kumsonkhano. Woyamba ndi kalipentala. Amene mwadutsa m'misewu ya ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi mwawaona, ali ndi mabedi ndi zitseko panja, fumbi la matabwa m'tsitsi, anyamata awiri atatu akuphunzira pambali. Oda ya mabenchi a paki ndi fizi ya ana ake ya chaka chonse. Mukasayinira pulasitiki wochokera ku fakitale, mwamulanda nsima. Wachiwiri ndi wotola zinyalala, uja amakhala ku mtaya wa Mzedi kapena amayenda m'ngalande ndi thumba kumsana, wopanda magolovesi, wopanda jombo, amene ana amamutcha wamisala. Iyeyu ndiye amagwira ntchito yonyansa koposa pa benchi la pulasitiki, ndipo ndiye amalandira zochepa koposa. Ine sikelo ndimaidziwa, ndimakhala nayo tsiku lonse. Ndikudziwa mmene munthu wopanda mawu amaberedwera pa sikelo akamagulitsa kwa wogula mmodzi yekha amene akudziwa kuti mnzakeyo sanadye. Ngati benchi la pulasitiki latsika mtengo chifukwa wotolayo analipidwa ndalama yosagula ngakhale wokumani wa ufa, ndiye kuti takhalira msana wa munthu.

Pali njira yoti awiriwa asakhale adani. Thabwa la pulasitiki limachekedwa, kuboola ndi kumanga mabawuti ndi zida zomwezo za kalipentala. Fakitale ipange matabwa, koma kulumikiza benchi, kuliika ndi kulikonza ikhale ntchito ya akalipentala ndi owotcherera a m'dera lomwelo. Ndipo pulasitikiyo akhale wotola kuno. Ichi ndikuchinena motsindika, chifukwa mabenchi a pulasitiki wakutha amagulitsidwanso kunja, ndipo wina akhoza kuitanitsa kontena yonse. Tikatero ndiye kuti tapereka ndalama zakunja, zimene zikusowa ngakhale pogula mafuta ndi mankhwala, kuti tigule zinyalala za eni ake, zathu zili mbwee m'ngalande. Pamenepo uja anadandaula za kaunjika adzakhala kuti ananena zoona.

Nkhani ya akuba sindingaidumphe. Benchi la matabwa ndi nkhuni zoyala kale. Lachitsulo ndi ndalama kwa ogula zitsulo zakutha. Mwaona okha zikwangwani za pamsewu ndi zotsekera maenje zimene zinasowa. N'chifukwa chake m'malo ambiri amangomanga la simenti, loti palibe angalinyamule, ngakhale kuti limazizira, limaumitsa matako ndipo likang'ambika limakhala choncho mpaka kalekale. La pulasitiki lili ndi mwayi pang'ono: suphikira nsima, ndipo wa zitsulo salifuna. Koma zimandimvetsa chisoni kuti tafika poti posankha pokhalira agogo, funso loyamba ndi lakuti kodi wakuba alikonda? Mawu oti "ndi zaboma izi" atipweteka. Boma silikhala pa benchi la m'paki, lili ndi mipando yozungulira m'maofesi. Amene wazula thabwa usiku kuti akaphikire wabera mayi wa nthochi uja, ngakhale kuti nayenso njala ndi imene yamutuma. Kusintha thabwa kukhala pulasitiki kumachepetsa chiyeso, koma sikuchiza mtima umenewu. Chimene ndaona chikugwira ntchito mumsika ndi chakuti chinthu chikakhala ndi anthu odziwika ochiyang'anira, monga mmene timasonkherana ya mlonda wa usiku, chimakhalitsa. Ogulitsa amene amakhala pafupi ndi paki tsiku lonse, a chimanga chootcha, a ma unitsi, ojambula zithunzi, ndi amene angakhale maso a mabenchiwo, ngati atawerengedwa ngati eni ake m'malo mothamangitsidwa.

Ndiye ine cholembera chija ndingasayine pati? Pa benchi la panja, la mvula ndi dzuwa, lopanda mwini mmodzi, ndisayinira pulasitiki wakutha. Koma ndisayina nditaona zinthu zinayi ndi maso: kuti pulasitikiyo ndi wotola m'dziko muno, kuti otola akulipidwa pa sikelo yoonekera ndi mtengo wolengezedwa, kuti akusungunula ndi makina oyenera osati pamoto wa mgolo, ndi kuti amisiri a m'deralo ali ndi gawo pa ntchitoyo. Chimodzi chikasowa, ndibwerera kwa kalipentala ndi bulugamu wake wobzala, n'kupempha kuti ndalama ya penti ndi kukonza ilembedwe tsiku lomwelo, osati kudzaifuna benchi litagwa. Pansi pa denga, m'kalasi, m'tchalitchi, mumzikiti, podikirira kuchipatala, thabwa la mtengo wobzala likhalebe, chifukwa kumeneko limakhala zaka zambiri popanda vuto. Koma mlombwa, mbawa ndi mkungudza, pa benchi la m'paki, ayi. Ndi bwino mitengo imeneyi ikhale chilili pambali pa benchi kuti wokhalapo apeze mthunzi.

Kwa mnzanga uja amati mlendo sumukhazika pa zinyalala, yankho langa ndi ili. Ulemu umene timapatsa mlendo pomupatsa mpando umachokera poti tadzimana ife kuti iye apume. Mlombwa wa m'paki sitidzimana ife. Timamana ana amene sanabadwe ndi anthu okhala kunsi kwa phiri. Chigubu cha m'ngalande ndi chathu, tinagula ndife, tinataya ndife, ndipo kuchitola, kuchitsuka n'kuchipanga kukhala pokhala pabwino ndi thukuta lathu. Pa ziwirizi, ine ndikuona kuti chachiwiri ndicho chikufanana ndi zimene amayi anatiphunzitsa. Chofunika n'chakuti benchilo lipangidwe mwaluso, losalala, lokhala ndi poyedzamira, loikidwa pamthunzi, kuti wokhalapo amve kuti wina anamuganizira. Losapangidwa bwino ndi chipongwe, kaya ndi la mbawa kaya ndi la zigubu.

Ndikudziwa kuti m'gulu muno muli akalipentala, aphunzitsi, a zankhalango, mwinanso ogwira ntchito kukhonsolo amene amangowerenga osayankha. Ndikufuna ndimve kwa inu. Akalipentala, thabwa la pulasitiki mungaligwire, kapena mukuona ngati likunyoza luso lanu? A ku Mzuzu ndi ku Mulanje kumene mvula siichedwa, benchi la paini limatha zaka zingati panja? A ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi kutentha kwanuko, mungakhalepo pa pulasitiki masana? Ndipo nonse, kodi kwanuko kuli n'komwe pamene munthu wotopa angakhale osalipira? Ngati palibe, mwina mkangano wa thabwa ndi pulasitiki tiuyambe titapeza kaye benchi loyamba.

 Ndiyankha madzulo ndikatseka benchi langa.